Kodi Banjo Ingalowe M'nyumba ya Mkhristu?

Amayi anzathu mwa Ambuye, kuno ku Mchinji ambiri a ife tikaona mwana akukhoma banjo ya chitini timamukalipira, ati ndi choimbira cha kumowa. Koma kodi tchimo limakhala mu nsambo kapena mumtima mwa woimbayo?

Ku Georgia, m'dziko la America, banja la a Lewis linaimba nyimbo zauzimu za bluegrass kuyambira 1951 mpaka 2009: bambo, ana aamuna ndi aakazi, kenaka adzukulu omwe. Pa maimbidwe amenewa banjo, gitala ndi zoimbira zina zimapatsana mpata. Wina akamatsogolera, enawo amatsitsa mawu kuti amveke, ndipo ngakhale wamkulu amadikira nthawi yake.

M'mabanja athu aakulu, mwana amene samvedwa pakhomo amakafuna omumvera m'malo omwera mowa a pa Kamwendo kapena pa boda. Tikathyola banjo yake, ndife tamukankhira komweko. Pajatu Salimo 150 limatchula zoimbira za nsambo pakati pa zotamandira Mulungu. Choncho madzulo tikatha kudya, timuitane mwanayo atitsogolere nyimbo ya kutchalitchi, ndipo ife akuluakulu titsitse mawu, timuvomereze.