Ichi chakoma, ichi chakoma

Mnyamata akaganiza zofulula yekha mowa wa pale ale, uja wosada, wowawirira ndi wonunkhira hops, chomusokoneza chimakhala dyera. Wamva za hops wa Citra, wa Mosaic, wa Simcoe, ndipo onsewo akufuna alowe mumphika tsiku limodzi, pamodzi ndi chimera cha mitundu isanu. Mdzukulu wanga, ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Mowa wotere ukakoma sudziwa chaukometsa, ukaipa sudziwa chauipitsa, ndiye ulendo wachiwiri udzakonza chiyani?

Yamba ndi chimera chimodzi, hops mmodzi, yisiti mmodzi. Anthu a ku Bavaria analemba lamulo mu 1516 loti mumowa muzilowa madzi, balere ndi hops basi, ndipo mpaka lero palibe amanena kuti mowa wawo ndi wosauka. Ku Chico, m'chigawo cha California, Ken Grossman anayamba kufulula Sierra Nevada Pale Ale mu 1980 atatsamira pa Cascade, hops amene anatuluka ku Oregon mu 1972. Fungo lake la manyumwa ndilo linaphunzitsa anthu ambiri kukonda mowa wamtunduwu. Ine ndikanati uyambire pomwepo, chifukwa Cascade sakhala waukali, amamukhululukira wophunzira.

Chimera si chachilendo kwa ife. Agogo ako aakazi ankanyika mawere, nkuwafunditsa mpaka atamera, nkuwayanika kuti afululire masese. Cha pale ale ndi cha balere, chowumitsidwa pa moto wochepa kuti chisade. Pa malita 20 tenga makilogalamu 4.5, chophwanyaphwanya osati chopera mpaka ufa, pakuti makoko ake ndiwo adzakusefera madzi. Uchinyike ola limodzi m'madzi otentha madigiri 66. Apa ndi pamene pamafunika maso. Ukapitirira kufika cha m'ma 70, shuga wambiri amene atuluke yisiti sangamudye, mowa udzakhala wolemera ndi wotsekemera, hops nkubisala. Ukatsikira cha ku 63 udzakhala wopepuka, wouma pakhosi. Choyezera kutentha usachione ngati chidole cha azungu. Safunsa anadya phula, ndipo chala chako sichingakuuze kusiyana kwa 66 ndi 70.

Tsono za hops, amene amalowa ukasefa madzi a chimera aja nkuwaika pamoto. Duwa lomwelo limagwira ntchito ziwiri, malingana ndi nthawi imene waliponya. Loponyedwa madzi atangoyamba kuwira, nkubwata ola lonse, limapereka kuwawa, fungo lake lonse limathawa ndi nthunzi. Loponyedwa kumapeto limasiya fungo, kuwawa pang'ono chabe. Choncho magalamu 40 poyamba, 30 patatsala mphindi khumi, 30 ena pophula. Achinyamata amafuna kuwawa kokwinyitsa nkhope kuti anzawo awatame, koma kuwawa kulipo kuti kuletse kutsekemera kwa chimera, munthu akamaliza tambula afune ina. Za madzi a ku Burton upon Trent, amene mchere wake wa gypsum unatchukitsa pale ale ya ku England, uzimve ndithu, koma uzisiye kaye. Madzi oyera, osanunkha mankhwala, akukwanira.

Hops samera bwino kuno, amafuna masiku aatali a m'mayiko akutali ndi Equator, ndiye ako adzachokera kunja. Uwasunge otsekedwa m'firiji, asaone mpweya.

Chimene chimaononga mowa wambiri woyamba ndi litsiro ndi kutentha. Madzi owiritsa aja akazizira, chilichonse chowakhudza, kaya ndowa, supuni kapena paipi, chikhale chotsukidwa ndi chophedwa tizilombo. Ndowa yooneka yoyera koma yokandika m'kati ndi chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Yisiti wa ale amakondwa pa madigiri 18 mpaka 20. Kutentha kwa Okutobala kudzamuthamangitsa, mowa nkununkha zachilendo ndi kupweteka mutu. Nzeru ndi kufulula mu Juni kapena Julayi, apo ayi ndowayo uiimike m'beseni la madzi, uikulunge chiguduli chonyowa.

Ukathira yisiti, mowawo uusiye. Thovu likatsika pakatha masiku anayi usati wapsa. Kuona maso a nkhono nkudekha: upatse masabata awiri. Wothira m'mabotolo msanga amadzutsidwa usiku ndi mabotolo akuphulika, chifukwa yisiti anali asanamalize kudya. Pothira, onjezera shuga magalamu 6 pa lita imodzi, m'mabotolo abulawuni, pakuti dzuwa likapyola galasi loyera limasandutsa fungo la hops kukhala la kanyimbi. Masabata ena awiri, kenaka ulawe.

Zonsezi uzilemba m'kope: kulemera kwa chimera, kutentha kwa madzi, nthawi imene hops analowa, tsiku lothira m'mabotolo. Ulendo wachiwiri usinthe chinthu chimodzi chokha. Ukafuna, ika Citra m'malo mwa Cascade, zina zonse uzisiye momwemo, ndipo usunge botolo limodzi la mowa woyamba kuti udzalawe awiriwo tsiku limodzi.