Nkhalango imene Mulungu anasungira mwana wanga

Ine ndine mlimi wa mpunga kuno ku Lifuwu, ndipo ndaimirira kuti ndithokoze Mulungu chifukwa cha mwana wanga wachisamba.

Bambo ake atatisiya, mnyamatayu anatsala pang'ono kutayika. Mukudziwa nokha mmene gombe limamezera ana athu: usiku ali pa usipa ndi nyali, kukacha ndalama yathera kumowa. Iyeyo chake chinali legeni. Ndikamutuma kukaingitsa mbalame kumunda, ankabwera ndi mpheta zodzaza m'matumba, mwinanso kakowa amene pakhomo pathu sitidya n'komwe. Sukulu ankangopitira dzina. Ndinkagwada usiku n'kumalira kuti, Ambuye, mpatseni mwanayu chogwira.

Yankho linadzera mwa aphunzitsi ena a kusekondale amene ankatsogolera kalabu ya zachilengedwe. Anakonza ulendo wa ana wopita ku Lilongwe, ku Nature Sanctuary, ndipo ndalama ya galimoto ndinaipeza nditagulitsa mpunga wa Faya umene ndinasungira mbewu. Anzanga ena anandiseka kuti ndikugulitsa mbewu kuti mwana akaone anyani, ngati kuti kuno anyani asowa.

Atabwerako sitinagone. Anandifotokozera za mkango waukazi wa diso limodzi, dzina lake Bella, umene anakautenga ku Romania mu 2009 utavutika m'chikwere kwa zaka zambiri. Chimene chinamugwira mtima n'chakuti panali Amalawi anzathu amene ntchito yawo inali kudziwa nyama ndi mbalame, n'kumalandira malipiro mwezi ukatha. Kuyambira pamenepo anayamba kuyenda ndi kope, kumalemba mbalame iliyonse ya m'dambo.

Patapita zaka, atayamba kupeza kangachepe, ananditenga kuti ndikaone ndekha. Abale, nkhalango yeniyeni pakati pa mzinda! Kwinaku Old Town, kwinaku City Centre, magalimoto ali piringupiringu mumsewu wa Kenyatta, koma ukangolowa umamva madzi a Lingadzi ndi kulira kwa mbalame. Wotiyendetsa anati pamene boma linkamanga likulu latsopano, limene linalowa m'malo mwa Zomba mu 1975, okonza mapulani anasiya mahekitala pafupifupi 180 osadulamo mitengo. Kenaka munakhala nyama za m'makola oonetsa anthu, malowo n'kuyamba kufooka, mpaka cha m'ma 2007 pamene anakhazikitsa Lilongwe Wildlife Centre mothandizidwa ndi bungwe la Born Free la ku Britain. Lero amalandira nyama zovulala, zamasiye ndi zolandidwa kwa ozembetsa. Apusi ndi anyani akachira amakawamasula m'nkhalango ngati ya Kasungu, ndipo ana asukulu amabwera tsiku ndi tsiku kudzaphunzira pansi pa mitengo.

Pamenepo m'pamene ndinagwetsa misozi. Mu 1975 ine ndinali kamtsikana kosadziwa n'komwe kuti ndidzabereka. Malo a pakati pa likulu ndi a ndalama zambiri, aliyense akanafuna kumangapo. Ndani anagwira dzanja la anthu amenewo kuti nkhwangwa isalowemo? Ine ndikuti ndi Yehova, amene anali atamuona kale mwana wamasiye wa ku Lifuwu.

Wotiyendetsa uja anatiuzanso za ngaka, kuti chisinthireni lamulo mu 2017 wopezeka akuigulitsa atha kukhala kundende mpaka zaka 30. Ndinanjenjemera, chifukwa mwana wodziwa tchire ngati wangayu ndi amene anthu oipa amamufuna.

Lero mwana wangayu amayendetsa alendo ochokera ku malo ena ogona ku Senga Bay. Amapita nawo kudambo la Mpatsanjoka kukaona mvuu ndi mbalame, kapena pa boti kuzilumba za Maleri, n'kumawatchulira nkhwazi, nantchengwa ndi tsekwe m'Chingerezi chimene ine sindichimva. Nyumba yanga anaifolera ndi malata, mlongo wake akumulipirira sukulu, ndipo Lamulungu mumamuona m'kwaya.

Ndabweretsa thumba la mpunga la chithokozo, lili pakhomo la tchalitchi. Akuluampingo akalola, ligulitsidwe kuti likhale chiyambi cha ndalama ya galimoto, pakuti mwanayu akufuna kutenga ana a Sande Sukulu kupita nawo ku Lilongwe tchuthi chikubwerachi. Ambuye alemekezeke.