Mlandu wa Dzira Losukusa

Ku Santhe, kumwera kwa boma la Kasungu, nazale za fodya zimakhazikidwa m'mphepete mwa madambo chilimwe chisanathe, popeza mbande zimafuna kuthiriridwa mvula isanagwe, ndipo kuyambira pamenepo mpaka fodya atakula m'munda mlimi amathira mankhwala ophera nsabwe ndi mbozi. Nyengo ya dzinja ndi yomwenso mbalame zambiri zodya tizilombo zimamanga zisa, chifukwa ana ake sakula ndi njere koma ndi mbozi, ziwala ndi inswa. Kukumana kwa nyengo ziwirizi kumadzutsa funso lachipembedzo: kodi pali mlandu pamene munthu wadula mbewu ya cholengedwa china mosafuna, ndiponso popanda mtembo woti auone?

Momwe kuwonongekaku kumachitikira n'kodziwika. Mu 1967 Derek Ratcliffe wa ku Britain anaonetsa kuti zikamba za mazira a mbalame zolusa zinayamba kupyapyala pamene mankhwala a DDT anafala, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti DDE, chotsalira cha DDT m'thupi, imasokoneza kayalidwe ka kashiamu pa dzira, kotero kuti make amaliswa yekha polifungatira. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 zomwezi zinapezeka pa mazira a nkhwazi ku nyanja ya Kariba, kumene DDT ankamupopera pofuna kuthana ndi ntchentche za kashembe. Mankhwala amakono monga imidacloprid, amene amalowa m'madzi a chomera ndi kuchisandutsa chiphe kwa kachilombo koyamwa, amagwira mwa njira ina: kafukufuku wa ku Netherlands wa mu 2014 anapeza kuti kumene mankhwalawa anachuluka m'madzi, mbalame zodya tizilombo zinkachepa ndi pafupifupi 3.5 peresenti pa chaka, ndipo ofufuzawo analoza chala kusowa kwa chakudya.

Lamulo la pa Deuteronomo 22:6-7 limaletsa munthu wopeza chisa kutenga make pamodzi ndi ana kapena mazira, ndipo nzeru yake ndi yakuti wodya lero asiye chobereka cha mawa. Koma lamuloli limalankhula ndi munthu amene chisa chili pamaso pake, amene angathe kubweza dzanja. Chiphe chimatembenuza zonsezi, pakuti make amauluka wamoyo, wopopera sanakwere mtengo uliwonse, koma dzira lasukusa kapena ana afa ndi njala.

Apa maganizo a makolo a Chichewa amafika patali kuposa momwe ambiri amawayesera. Mdulo, womwe ena amautcha tsempho, ndi matenda amene amakhulupirira kuti amagwira munthu wosalakwa, kawirikawiri mwana, pamene wina waphwanya mwambo wa kudika, ndiko kupewa za m'nyumba pa nthawi yoikika, kenaka n'kuthira mchere m'ndiwo kapena kugwira khanda. Kaya chikhulupirirochi chikugwirizana ndi zachipatala kapena ayi, chimene chili chofunika ndi kaganizidwe kake: wovulaza sakhala ndi chidani, chovulazacho sichioneka, chimadutsira m'chakudya, ndipo akuluakulu akamafunsa safuna kudziwa amene anakonza chiwembu koma amene sanadike. Mlandu umachokera ku kusasamala pa nthawi imene moyo wanthete unali m'manja mwa munthu, ndipo m'kaganizidwe kotere mawu akuti munthu sankafuna satseka nkhani.

Komabe kungonena kuti mlandu ulipo n'kosakwanira, ndipo mlaliki amene angaime pa guwa ku Santhe n'kuusenzetsa wopopera yekha angakhale atalakwira chilungamo. Tenanti wa pa esiteti sasankha mankhwala, kawirikawiri amawapopera wopanda zodzitetezera, ndipo thupi lake ndilo loyamba kuwamwa. Mlimi wa pa kontirakiti amalandira zipangizo pa ngongole kuchokera ku kampani yogula, ndipo akudziwa kuti tsamba lobooka silipeza mtengo ku okushoni ya ku Chinkhoma. Buku la Levitiko, pa mutu 4, limazindikira tchimo lochitidwa mosadziwa, koma nsembe yake imatsata udindo: wansembe apereke ng'ombe yamphongo, mtsogoleri tonde, munthu wamba mbuzi kapena nkhosa yaikazi. Muyeso umenewu ukagwiritsidwa ntchito pa fodya, gawo lalikulu limagwera amene akudziwa zambiri ndipo ali ndi mphamvu yosintha zinthu, ndiwo opanga mankhwala, makampani amene amalemba mndandanda wa zipangizo za kontirakiti, ndi bungwe la Pesticides Control Board, limene lamulo la mu 2000 linalipatsa ntchito yovomereza mankhwala olowa m'dziko. Gawo lotsalira mlimi ndi laling'ono koma lenileni, ndipo limaonekera pa malo amene amatsukira chopopera, pa kutalikirana kwa nazale ndi madzi a m'dambo, ndi pa kumene amataya botolo likatha.