Kodi Manyazi Ali Abwino Nthawi Zonse?

Abale athu a kumidzi, ambiri a ife tili ndi ana aakazi ku Blantyre, ena anapita kukakwatiwa, ena kukafuna ntchito. Akhala ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni, m'nyumba za lendi zothithikana, mmene mnansi amva ngakhale chifuwa chako usiku. Pochoka tinawalangiza kuti mkazi asunge thupi lake, asavule pamaso pa mlendo. Mwambo umenewu ngwabwino, ndipo sitiunyoza. Koma lero tifunsa: kodi manyazi ali abwinobe pamene atsekera mwana khomo la chipatala?

Nthenda imene tinena ndiyo khansa ya khomo la chiberekero. Idza ndi kachirombo kotchedwa HPV, kamene mwamuna ndi mkazi apatsirana pokhala malo amodzi. Ndipo nkofala kotero kuti anthu ambiri akatenga osadziwa, thupi nkukachotsa lokha. Koma mwa mkazi wokhala ndi HIV mpanda wa thupi uli wogumuka, ndipo kachiromboko kakhazikika. A bungwe la WHO awerenga kuti mkazi wotere angathe kudwala khansayi kasanu ndi kamodzi kuposa mnzake. Ndipo chimene mwa ena chitenga zaka 15 kapena 20 kuti chisanduke khansa, mwa iye chingathe kutenga zaka 5 kufikira 10. M'chaka cha 2020 chokha anawerenga kuti akazi oposa 4,000 anaidwala m'Malawi muno, ndipo pafupifupi 3,000 anamwalira.

Taonani kuchenjera kwake kwa nthendayi. Idya monga chiswe m'phaso la denga: kunja kuoneka bwino, mwini nyumba osamva kuwawa konse, pofika poona mwazi wosayembekezeka, kawirikawiri yapita patali. Chonsecho kuipeza msanga nkosavuta. Namwino apaka viniga pakhomo la chiberekero, ndipo pamene payamba kuonongeka payera. Malowo angathe kuwatentha ndi kachitsulo tsiku lomwelo. Kuyeza kumeneku Boma linakukhazikitsa m'chaka cha 2004, chaka chomwecho chimene ma ARV anayamba kuperekedwa mwaulere. Mu 2018 madokotala a MSF anayamba ntchito yolimbana ndi khansayi pa chipatala cha Gulupu. Ndipo mu 2021 a WHO analangiza kuti mkazi wokhala ndi HIV ayambe kuyezedwa ali ndi zaka 25, osadikira 30 monga ena.

Nanga achedwa chifukwa ninji? Ena ayankha msanga ndi mwambi uja wakuti manyazi anapha lambe, natula mlandu wonse pamutu pa mtsikanayo. Ife sitivomera. Ganizirani mwana wa zaka 25 wa ku Zingwangwa. Iye wasenza kale katundu mmodzi: aima pamzere wa mankhwala, maso ali uku ndi uku kuopa wodziwana naye, alipo ena amene akwera minibasi kukalandira kutali, kusiya chipatala cha pafupi. Tsono timuuza kuti alowe m'chipinda chachiwiri, agone, avule, kapenanso pamaso pa namwino wamwamuna, pomwe sakumva kudwala. Kodi katundu ameneyu anadzisenzetsa yekha?

Pakuti manyazi ali awiri, ndipo tiwatcha dzina limodzi molakwa. Ena ndiwo ulemu umene mkazi achitira thupi lake. Amenewa sakaniza munthu kuonana ndi namwino. Pakuti pa tsiku lobereka mkazi yemweyo avula pamaso pa azamba, ndipo palibe nankungwi ananenapo kuti wataya mwambo. Ngati nkoyenera kuvula kuti mwana abadwe, kuli bwanji kuti mwanayo asakhale wamasiye? Enawo ndiwo mantha, ndipo mantha amenewo awaumba ndi malilime a anthu potunga madzi ndi pamaliro, onena kuti matenda a kumeneko agwira achiwerewere okha. Malilimewo ndi athu, abale. Ndipo anama, pakuti mkazi wa mwamuna mmodzi angathe kulandira kachiromboko m'nyumba yake yomwe.

Amunanso tisawalumphe. Mkazi akatenthedwa malo aja auzidwa kuti asakhale pamodzi ndi mwamuna wake masabata angapo, kufikira pachira. Alipo akazi amene aopa mawu amenewa koposa chitsulocho, podziwa kuti kunyumba kukabuka mlandu. Kotero angobwerera osachiritsidwa. Bambo amene sangathe kupirira mwezi umodzi, adzapirira bwanji kulera yekha ana atatu?

Mu January 2019 Boma linayamba kupereka katemera wa HPV kwa atsikana a zaka 9, ndipo tikondwera nawo ang'onowo. Koma akulu awo a ku Machinjiri ndi ku Ndirande katemerayo anawapitirira. Kwa iwo chatsala ndi bedi la namwino ndi botolo la viniga, ndi mayi kapena mlamu amene angawaperekeze m'mamawa, nakhala panja pabenchi kufikira atuluke.