Makolo akapita, adzakhala m'nyumba ya yani?

Donald Triplett anamwalira mu June 2023 ali ndi zaka 89, m'tauni yaing'ono ya Forest ku Mississippi. Ndiye munthu woyamba amene dokotala Leo Kanner anamulemba m'lipoti la 1943 lofotokoza autism. Ali wamng'ono, makolo ake anakamusiya kumalo osungirako ana odwala, monga madokotala ankalangizira masiku amenewo, koma patatha chaka mtima sunawalole ndipo anakamutenga. Donald anakula, anamaliza koleji, anagwira ntchito ku Bank of Forest, ankayendetsa galimoto ndi kusewera gofu. Makolo atatisiya, iye anakhalabe m'nyumba imene anakuliramo, mng'ono wake ndi anthu a m'taunimo akumuyang'anira.

Nkhaniyi ndi yokoma, koma ili ndi munga. Bambo ake anali loya, banki ija inali ndi dzanja la banja lawo, ndipo anamusiyira chuma chomusunga. Nanga mnzake amene mayi ake amakhala nyumba ya lendi? Bungwe la WHO linanenapo kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 ali ndi autism, ndipo ana amenewa amakula. Ena amadziimira okha. Ena amafuna wowathandiza kuphika, kumwa mankhwala, kusunga ndalama, ndi chipinda chopanda phokoso poti phokoso limawapweteka zenizeni. Funso losowetsa makolo tulo ndi limodzi: tikadzafa, adzamusunga ndani?

Funsoli ndi la chikhulupiriro lisanakhale la ndalama za boma. Kodi munthu amayenera kukhala ndi pakhomo pake chifukwa wakhetsa thukuta, kapena chifukwa ndi munthu?

M'buku lachiwiri la Samueli, mutu 9, muli yankho loiwalika. Mefiboseti, mwana wa Yonatani, anali wolumala miyendo, wamkulu kale, atasungidwa m'nyumba ya munthu wina ku Lodebara. Vuto lake silinali autism, koma kusowa kwake n'kofanana. Mfumu Davide sanamutumizire thumba la ufa n'kumuiwala. Anamubwezera minda ya agogo ake a Sauli, analamula Ziba ndi ana ake kuti azimulimira, ndipo anamupatsa malo pa gome la mfumu ku Yerusalemu. Apa pali chuma cholembedwa m'dzina lake, anthu omuthandiza tsiku ndi tsiku, ndiponso anzake odya nawo. Mpingo umene umakumbukira olumala pa Khirisimasi pokha sunafike pamene Davide anafika.

Kumene zimenezi zasowa, chipatala chimalowa m'malo mwa nyumba. Mu 2011, pulogalamu ya Panorama ya BBC inaulula nkhanza za ku chipatala cha Winterbourne View, pafupi ndi Bristol: ogwira ntchito akumenya mbama, kupanikiza pansi ndi kuthira madzi ozizira anthu a autism ndi ena ovutika kuphunzira. Anthu 11 anapezeka olakwa kukhoti, 6 anakalowa ndende. Bedi limodzi pamalopo linkadya mapaundi pafupifupi 3,500 pa sabata, ndiye palibe anganene kuti ndalama zinasowa. Boma linalonjeza kutulutsa anthu oterewa m'zipatala pofika June 2014. Lonjezolo linapita ndi mphepo: patatha zaka khumi, anthu pafupifupi 2,000 anali adakali m'mawodi ku England, ambiri atathamo zaka, ndipo chifukwa chimodzi chachikulu n'chakuti kunja kulibe nyumba zotsika mtengo zokhala ndi owathandiza.

Tauni ya Geel ku Belgium inayenda njira ina. Kwa zaka mazana ambiri, anthu odwala maganizo ankapita kumeneko kukapemphera pamanda a Dymphna woyera. Chipinda cha tchalitchi chimene ankagonamo chitadzaza, alimi a m'deralo anayamba kuwalandira m'makomo mwawo. Sankawatcha odwala, ankati ndi alendo ogonera. Cha m'ma 1930 analipo oposa 3,000, akudya ndi banja, akukama ng'ombe, akupita kumsika. Lero atsala ochepa kwambiri, poti moyo wa m'tauni wasintha, koma mwambowo ulipo chifukwa boma limapereka kangachepe kwa mabanjawo ndipo anamwino amawayendera. Chifundo chokha, popanda wochichirikiza, chikanatopa kalekale.

Kuno kwathu ambiri anganene kuti achibale alipo. N'zoona, ndipo mtolowu nthawi zambiri umagwera mlongo wa munthu wa autismyo, amene amausenza yekha, mwina m'nyumba ya zipinda ziwiri ku Ndirande, eni nyumba akudandaula za kukuwa kwa usiku. Malawi anavomereza mu 2009 pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala, ndipo gawo 19 la panganolo likuti munthu wolumala asankhe yekha kokhala ndi wokhala naye, ndi kulandira chithandizo pakhomo pomwepo. Mipingo ili ndi malo ambiri, ndipo inazolowera kumanga masukulu, zipatala ndi nyumba za abusa. Nyumba zinayi kapena zisanu pambali pa tchalitchi, za lendi yochepa, zokhala ndi wosamalira wophunzitsidwa ndi wolipidwa, sizingaigonjetse. Makolo okalamba angathe kuziona ndi maso awo akadali moyo, n'kumuperekeza mwana wawo okha kukalowamo.