Ndalama za magazi

Azakhali anga anakana ndalama, ndipo mpaka lero sindikudziwa ngati ndiwakwiyire kapena ndiwapatse ulemu.

Msuweni wanga anafera pa msewu wa M5, kufupi ndi mlatho wa Dwambazi, m'mawa wina akuchokera kunyanja ndi dengu la usipa panjinga. Minibasi yochokera ku Nkhata Bay kulowera ku Dwangwa inamuwomba chakumbuyo. Amene munayendapo msewu umenewu mukuudziwa: ndi wopapatiza, m'mbali munadyeka, ndipo wanjinga akamva hutala amangoyenera kudziponya kutchire. Pofika naye kuchipatala anali atatisiya kale. Anasiya mkazi ndi ana atatu.

Pamaliro mawu anali amodzimodzi: inali nthawi yake. Mwini minibasi anatumiza bokosi, thumba la chimanga ndi kangachepe m'envulopu, anthu n'kumati bamboyu ngwa umunthu. Patapita milungu iwiri ndinayambitsa nkhani ya inshuwalansi. Azakhali anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati: "Iwe, mwana wa achimwene anga, ukufuna ndidye magazi a mwana wanga? Ndigule shuga, ndizimwa tiyi ndikudziwa kuti ndikumwa iyeyo?"

Ndinasowa choyankha. Pajatu ine ndinabwera ndi malamulo, iwo anali ndi manda.

Malamulowo alipo. Road Traffic Act ya 1997 imalamula kuti galimoto iliyonse yoyenda pamsewu ikhale ndi inshuwalansi yolipira anthu ena amene ingawavulaze kapena kuwapha. Dalaivala akapezeka kuti anayendetsa mosasamala, mkazi, ana ngakhalenso makolo amene ankadalira malemuyo akhoza kufuna chipukuta misozi. Pamafunika lipoti la apolisi, chikalata cha imfa, ndi mtima wopirira, chifukwa nkhani zake zimayenda ngati nkhono.

Koma nditamva m'mene akhoti amawerengera ndalamazo, ndinayamba kuwamvetsa azakhali. Amatenga zimene munthuyo ankapeza pa mwezi, n'kuchulukitsa ndi zaka zimene akuganiza kuti akanakhalabe ndi moyo, kenako n'kuchotsapo gawo limodzi mwa magawo atatu, ati limenelo akanadya yekha. Ngati analibe pepala la malipiro, monga alili asodzi ndi ogulitsa usipa onse a kwathu, kawirikawiri amamuwerengera malipiro otsikitsitsa amene boma linakhazikitsa. Ndiye kuti bwana wa ku Lilongwe ndi msuweni wanga atafera mu minibasi imodzi, mpando umodzi, pepala lidzati mmodzi anali wodula kuposa mnzake. M'masamu amenewa mulibe poika kuti iyeyu ankaseka mpaka kugwa pansi, kapena kuti ndi amene ankafolera nyumba ya amayi ake dzinja lililonse. Zoona, n'zonyansa.

Komabe ine ndikuti ndalamazo zitengedwe.

Chimene chimandipweteka ndi mawu aja akuti inali nthawi yake. Amatonthoza, sindikukana, ndipo pasiwa sindingatsutse munthu wolira. Koma taonani amene amapindula nawo. Ngati inali nthawi yake, ndiye kuti liwiro silinalakwe. Mabuleki sanalakwe. Mwini galimoto amene amauza dalaivala kuti madzulo abweretse ndalama zakutizakuti zivute zitani, nayenso sanalakwe. Mlandu wonse tausenzetsa Mulungu, amene sabwera kukhoti. Chizolowezichi si cha kwathu kokha. Mu 1896 ku London, mayi wina dzina lake Bridget Driscoll anagundidwa ndi galimoto n'kufa, mmodzi mwa anthu oyambirira kufa chotere, ndipo ofufuza anagamula kuti inali imfa yangozi basi. Lero bungwe la WHO likuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pamsewu chaka chilichonse. Nthawi yawo onsewo, eti?

Tikakana chipukuta misozi, palibe amene amatiyamikira kuti ndife oyera mtima. Kampani ya inshuwalansi imangotseka faelo. Ndalama imene mwini minibasi ankalipira chaka ndi chaka pokonzekera tsiku ngati limeneli imakhala kwa eni kampani, ndipo imfa ya wanjinga wa ku Dwambazi imasanduka yotchipa kuposa galasi losweka. Bokosi ndi thumba la chimanga lija ndi ulemu, inde. Koma ndi mphatso, ndipo wopereka mphatso timamuthokoza. Chipukuta misozi ndi ngongole. Wobweza ngongole amakhala wavomera kuti pali chimene anawononga.

Azakhali amaona ngati kulandira ndi kugulitsa. Ine ndikuona kuti chogulitsa palibe, chifukwa munthuyo analandidwa kale popanda kufunsa mtengo. Chimene chikulipiridwa ndi dengu la usipa limene silidzabweranso pakhomo, yunifolomu, fizi ya mwana woyamba akadzafika ku sekondale. Njala ya anawo ili ndi mtengo ngakhale bambo awo analibe.

Apa mpamene pali povuta. Mwa lamulo, alamu anga, mkazi wa malemuyo, safunika chilolezo cha apongozi awo. Koma lamulo siligona m'mudzi. Akangolandira, n'kugula malata, mawa kuchigayo adzamva kuti mkazi uja walemera ndi imfa ya mwamuna wake, mwinanso ena adzawonjezera kuti ankadziwapo kanthu. Ife a m'tauni timalangiza zinthu pa WhatsApp kenako n'kuzimitsa data. Amene amatsala ndi maso a anthu ndi iwowo. Ndiye ndikamati atenge, ndimadziwa kuti ndikulimba mtima ndi khungu la munthu wina.

Tsiku lobwerera, alamu anandiperekeza pasiteji mwana ali kumbuyo. Tinadikira osalankhula. Minibasi itaonekera patali anandifunsa motsitsa mawu: "Alamu, lipoti la apolisi lija, amapereka kwa aliyense kapena mpaka apite amuna?" Ndinawauza kuti akhoza kupita okha, komanso kuti asachedwe kwambiri chifukwa milandu yotereyi ili ndi malire a nthawi. Anangogwedeza mutu. "Musawauze kaye amayi."

Ndinakwera. Kondakitala anatithithika anayi anayi pampando wa anthu atatu, iye theka la thupi lili panja, chitseko atachigwira ndi dzanja. Titadutsa pamalo paja dalaivala sanachepetse liwiro, ndipo kutsogolo kunali mnyamata wina panjinga atanyamula makala. Hutala inalira, mnyamatayo anadziponya kumbali. Mayi amene ndinakhala naye anati "Yesu!" Ine, amene ndinali nditakangana ndi azakhali sabata yonse za mtengo wa moyo wa munthu, ndinayang'ana pafoni, chifukwa ndinkafuna kufika ku Nkhotakota banki isanatseke.