Fulu ndi Miyala Yake

Padangokhala, m'mudzi wa nyama mudagwa njala, koma nkhokwe za Gwape ndi Nguluwe zidali zodzaza mpaka kudenga. Mfumu Mkango idafunsa pabwalo kuti, "Anzathuwa adachita chiyani?"

Fisi adathamangira kuminda iwiri ija nabwerako ali wefuwefu. "Zikomo mfumu, onse adadzala ndi mvula yoyamba. Chinsinsi n'chomwecho!"

Chaka chotsatira Fisi adadzala mvula itangogwa, nakagona pansi pa mkuyu. Kupalira ayi, kubandira ayi. Udzu udameza chimanga, iye n'kukolola zitsononkho zokhazokha. Adakasuma kwa mfumu kuti Gwape wamulodza.

Pamlandupo Fulu adapempha kulankhula. "Achimwene a Fisi, mudayendera okolola okha. Nanga olephera mudawafunsa?"

Adajambula mizere pansi, munda uliwonse mzere wake, wa okolola ndi wa olephera omwe. Pa funso lililonse ankaika mwala woyera ngati yankho lili inde, khala ngati lili ayi. Mudadzala msanga? Mudapalira? Mudathira manyowa? Ntchitoyi idatenga tsiku lonse, poti Fulu safulumira, ndipo Kalulu adayamba kuyasamula.

Mizere ija idaonetsa kuti mwa odzala mochedwa palibe ndi mmodzi yemwe amene adakolola. Apo Fisi sadaname. Koma Nyani nayenso adadzala msanga nagona ndi njala, chifukwa khasu lake lidachita dzimbiri pakhonde. Gwape adapalira n'kuthira manyowa. Nguluwe manyowa sadathire konse, koma adapalira, ndipo munda wake udali pachulu, pa nthaka yachonde.

"Komatu onse okolola ali ndi michira!" adatero Kalulu monyoza.

"Olephera nawonso ali nayo, adzukulu," Fulu adayankha. "Mchira sutiuza kanthu. Kudzala msanga ndiye popanda iko simudya, koma kokha sikudzaza nkhokwe."

Mizere yotereyi anthu ochita kafukufuku amaijambulanso. Charles Ragin wa ku America adailongosola m'buku lake la 1987, The Comparative Method, kungoti iye amalemba 1 ndi 0 pamene Fulu ankaika mwala ndi khala.

Mkango udayang'ana mzere wa Fisi, udapeza mwala umodzi ndi makala okhaokha. Udagamula kuti ufiti palibe, ndipo Fisi akapalire munda wa Gwape dzinja lonse polipira kumuipitsira mbiri.

Kaphuleni mbatata zanu, zapsa.